Chaka Chimene Ndinatupitsa Buledi ndi Thovu la Mowa

Kwa Mpingu, zaka zisanu ndi chimodzi

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala, chifukwa palibe chimene ndinachita kupatula kuweta mbuzi ndi kulephera mayeso. Ndiyambira tsiku limene ndinalowa m'khitchini ya bwana wa esiteti ina ya fodya kwa Mpingu. Anandilemba kuti ndiziwaza nkhuni, koma khukhi wa pamenepo, a Simoni, mkulu wa kumpoto amene maso anali atayamba kuchita chidima, anaona manja anga n'kunena kuti nkhwangwa ingowawononga. Anandiimika pa tebulo nayamba kundiphunzitsa kukanda fulawa. Munthu ameneyu sankadziwa kuyamikira. Buledi akatuluka bwino ankangogwedeza mutu, akatuluka moipa ankandiuza kuti ndidye ndekha yense kuti ndimve chimene ndimafuna kudyetsa anthu. Tsiku lina tikudikira kuti fulawa atupe anandifunsa kuti, "Mwale, iwe umayesa yisiti anabadwira m'paketi? Ife kale tinkatupitsa buledi ndi thovu la mowa. Chotupitsa mowa ndi chotupitsa buledi ndi pachibale." Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba, ndipo ndinaiwala.

Kwa Kabudula, zaka zinayi

Esiteti ija itagulitsidwa ndinapeza malo pa bekale yaing'ono kwa Kabudula. Mwini wake ankayeza chilichonse, ngakhale mchere ankautsina yekha ndi zala zake. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti ntchito yathuyi ndi yokhalira kusowa zinthu. Shuga akapezeka mafuta asowa, mafuta akabwera nkhuni zanyowa, zonse zikakwana mumva kuti galimoto ya fulawa yatitimira m'matope, ndipo wokalipiridwa ndiwe wophika. Ndinaima pa simenti zaka zinayi, ndipo miyendo imene mumandiseka nayoyi inayambira pamenepo kutupa. Chabwino chimodzi chimene ndinatola kwa Kabudula ndi amayi anu, amene ankabwera kudzagula mabanzi n'kumandinyoza kuti ndi aang'ono.

Ku Nsaru, zaka zoyamba

Ntchito imene ndinakalambira nayo ndi ya pa sukulu ya sekondale yogonera komweko, ya munthu wamba, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Nsaru. Ndinali wophika wamkulu, ndipo buledi ndinkaphika katatu pa sabata mu uvuni wa njerwa. Nyumba imene ambiri mwa inu munabadwiramo inali ya sukulu. A hedi athu, a Mbewe, sanali munthu woipa, koma ankaopa ana. Ine ndisanabwere, anawo anaswapo mawindo chifukwa cha nyemba zofumbwa, ndipo kuyambira pamenepo a Mbewe akamva phokoso ku holo yodyera ankasiya tiyi pakamwa.

Chaka chachisanu ndi chitatu mpingo wathu unandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Inu simungamvetse chimene chinthu chimenechi chinali kwa ine. Munthu wonunkha utsi sabata yonse, Lamulungu n'kuvala jekete, kukhala kutsogolo pamodzi ndi aphunzitsi, anthu n'kumati "a mkulu." Ndinkanyada, ndisakubisireni. Anandipatsa dera la nyumba za matenanti a esiteti yoyandikana ndi sukulu, anthu ochokera kutali odzalimira mwini munda fodya. Anandipatsanso ntchito yophika mkate wa Mgonero, popeza uvuni ndinali nawo.

M'dera langalo munali mayi Esitere, wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti wina dzina lake a Dinesi. Anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, koma akayamba nyimbo m'tchalitchi ngakhale ogona ankadzuka. Dzinja lina a Dinesi anadwala chifuwa, chimanga chimene esiteti inkawapatsa sichinkakwana, ndipo mayiyo anayamba kufulula mowa wa masese. Lamulo la mpingo wathu mukulidziwa: wofulula, wogulitsa ndi wakumwa, onse amadulidwa. Munthu wodulidwa sadya Mgonero, akasamuka sapatsidwa kalata yokaonetsa ku mpingo wa kumene akupita, ndipo akafa mpingo suimba pa maliro ake. Bwalo la akulu a mpingo linatuma ine kuti ndikaone. Ndinapeza mgolo uli pamoto, ndinabwerera kukanena zimene ndinaona, ndipo mayi Esitere anadulidwa. Tsiku limenelo ndinadya bwino ndithu, podziwa kuti ndagwira ntchito ya Mulungu.

Malichi, chaka chimene yisiti anasowa

Chaka chotsatira zinthu zochokera kunja zinayamba kusowa m'masitolo, ndipo yisiti anazimiririka. Pa Nsaru panalibe, ku Namitete kunalibe, dalaivala wa sukulu anazungulira mu Lilongwe tsiku lathunthu n'kubwera chimanjamanja. Tsoka lake, a Mbewe anali atagula kale matumba a fulawa a teremu yonse, ndipo anali atayamba kugwidwa ndi anankafumbwe. Ndinayesa soda, ndinayesa chambiko, ndinayesa thobwa. Chimene chinatuluka mu uvuni mukanamangira nacho khola la nkhumba. Ana anayamba kumenya makapu pa matebulo, ndipo a hedi anandiitanitsa.

"A Mwale," anatero, osandipatsa ndi mpando womwe, "mwini sukulu akuti ngati buledi kulibe, wodziwa buledi ndi wa chiyani? Phala ndi nyemba aliyense aphika. Ndamupempha kuti akupatseni sabata imodzi."

Ndinatuluka. Ana munali asanu nthawi imeneyo, womaliza ali kumsana, ndipo kwathu kunalibe ngakhale khumbi loti tikafikiremo. Mawu a a Simoni anandibwerera ndikusesa mu uvuni. Ofulula mowa analipo ambiri pa msika, koma kumeneko amuna amakhala ali mbwee kuyambira m'mawa, ndipo mkulu wa mpingo sakanafikako osaonedwa. Khomo limodzi lokha ndi limene ndikanalowa popanda wondifunsa. Lachinayi masana ndinaika ketulo m'chikwama, Baibulo pamwamba pake, n'kulowera njira ya ku esiteti.

Ndinapeza mayi Esitere akupeta chimera pakhonde. "Lowani, a mkulu," anatero osaimirira. "Mwabwera kudzawerenga migolo? Ulipo umodzi womwe uja, simuvutika."

"Ayi mayi, ndabwera kudzapempha."

"Kupempha chani kwa munthu wodulidwa?"

Ndinafotokoza, maso ali pansi, thukuta lili kamukamu. Nditatulutsa ketulo pansi pa Baibulo, mayiyo anaseka mpaka kugwetsa lichero. "Eetu! Nde akulu a mpingo ayamba kuyenda ndi maketulo!" Kusekako kunali kondiyenera. Atatha anapukuta misozi ndi nsalu n'kufunsa kuti anawo atha masiku angati osadya buledi, komanso ngati ntchito yanga ithedi. Kenako ananditengera kuseri kwa nyumba n'kuvundukula mgolo. "Mwabwera tsiku labwino. Mowawu lero ndi tsiku lake lachitatu, mukuona ukubwata wokha popanda moto. Musatunge pansi, muyengule pamwambapa. Mukafika musefe pa kansalu, muthiremo fulawa pang'ono ndi madzi ofunda, muike pafupi ndi moto chigone. Mawa mudzandiuze." Nditafuna kuwapatsa kangachepe anakana. Anati thovu sagulitsa.

M'mawa mwake chidebe chinali chitadzaza mpaka kusefukira. Buledi wake ankatupa mwaulesi, maola asanu pamene wa yisiti wa m'paketi amatupa ola limodzi ndi theka, ndiye ndinasintha ndondomeko yonse ya m'khitchini. Ankatuluka wolemererapo, khungu lofiirira, kakomedwe kowawasira pang'ono, koma fungo la mowa lonse linkathera mu uvuni. Ana anamukonda kuposa wakale, ankati ndi wa m'tauni. A Mbewe atafunsa kumene ndapeza yisiti ndinati kwa mnzanga wa ku Namitete, ndipo sanafunsenso. Vuto linali lakuti chotupitsacho sindinkatha kuchisunga. Ndinkachidyetsa fulawa tsiku ndi tsiku, koma pofika tsiku lachisanu chinkawawasa mpaka buledi wake kukwinyitsa nkhope. Motero Lachinayi lililonse ndinkanyamula chikwama changa. Anthu ankandiona ndikudutsa ndi Baibulo, ndipo Lamulungu lina abusa ananena pa guwa kuti, "Onani a Mwale, sabata ndi sabata akuyendera nkhosa yosochera. Akulu enanu muli kuti?" Ndinakhala kutsogolo kuja ndikuyang'ana nsapato zanga.

Meyi mpaka Julayi, chaka chomwecho

Kumayambiriro kwa Meyi ndinapeza mayi Esitere akutsuka mgolo, nkhope ili ngwee. A Dinesi anali atachira, fodya anali atayamba kupita ku okushoni, ndipo mayiyo anali atakaonana ndi abusa. Abusawo anawauza kuti akasiya kufulula miyezi itatu, n'kumabwera ku kalasi ya obwerera Lachitatu lililonse, adzabwezeredwa pa Mgonero wa kumapeto kwa Julayi. Nthawi inali yothina, chifukwa mwini esiteti anali atanena kuti fodya akatha matenanti onse achoke, abweretsa ena.

"Ndikufuna ndichoke ndi kalata yanga m'manja," anatero. "Ife ndi anthu oyenda, a mkulu. Ndikakafera kuchilendo opanda kalata, adzandikwirira ngati galu. Mgolowu ndikubweza kwa mwini wake mawa."

Mkulu wa mpingo woona akanagwada pomwepo n'kuthokoza Mulungu. Ine mutu unaima, ndipo ndinayamba kuwerenga masabata otsala kuti sukulu itseke. Analipo khumi ndi awiri.

"Mayi," ndinatero, "mgolo bwezani ndithu. Koma kamphika kamodzi kokha, kakang'ono, kuseri kwa chigafa cha fodya. Kosagulitsa. Ine ndizidzangoyengula thovu, zotsalazo muzitaya. Mpaka sukulu itseke basi."

"Nanga bwalo likamva?"

"Bwalo ndife. Mkulu wa dera lanu ndine. Ikadzafika nkhani yanu ndidzakuyankhulirani."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja akudontha madzi. "Inu ndi amene munandidula chifukwa chofulula. Lero inu nomwe mukuti ndifulule. Nde ndimvere uti?" Anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Chabwino. Ana anu asagone panja chifukwa cha ine. Koma mawu anuwo ndawasunga."

Anachitadi zimene ndinawapempha. Lachitatu ankapita ku kalasi, Lachinayi ine ndinkafika kuseri kwa chigafa ndi ketulo yanga. Koma ine ndinali wopusa kuganiza kuti pakhomo pa tenanti angataye chinthu chochokera ku chimanga. Zotsala zija anzawo a a Dinesi ankamwa, ndipo munthu akamwa amaimba. Nyimbozo zinafika m'makutu mwa a Chisale, mkulu mnzanga, mphunzitsi wopuma amene sankalola ngakhale ntchentche kutera pa lamulo.

Bwalo linakhala Loweruka, mawa lake kuli Mgonero. Obwerera anali panja pansi pa mtengo, akudikira kuitanidwa mmodzimmodzi. Dzina la mayi Esitere litawerengedwa, a Chisale anaimirira. "Abusa, pepani. Mayi amenewa kalasi sanajombepo, koma mowa sanasiye. Mphika uli kuseri kwa chigafa. Ndinapita ndekha, ndinanunkhiza." Abusa anatembenukira kwa ine. "A Mwale, inu mumafikako sabata iliyonse. Tiuzeni."

Ana anga, mawu oti ndinene anali okonzeka pakamwa, ndipo anali ochepa: ndinawatuma ndine. Koma ndinaona jekete langa, ndinaona a Mbewe atakhala pa benchi lachiwiri, pakuti nawonso anali mkulu wa mpingo, ndinaganiza za makolo akamva kuti ana awo akhala akudya buledi wa mowa miyezi inayi, ndinaganiza za katundu wathu ali panja. Ndinadziuza kuti sukulu ikutseka Lachisanu, ndidzakonza zonse bwinobwino pambuyo pake.

"Ndi zoona, abusa," ndinatero. "Mphikawo ndinauona."

"Munawalangiza?"

"Ndinayesetsa."

Anawaitana mayiyo. Analowa atavala bulauzi yoyera yochita kusita, nagwada pafupi ndi khomo. Abusa anawauza zimene zanenedwa n'kufunsa ngati ali ndi mawu. Mayiyo anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akatsegula pakamwa ndatha. "Ndilibe mawu, abusa," anatero. "A mkulu anga anena kale." Anaimirira n'kutuluka, ndipo bwalo linapita pa dzina lotsatira.

Mkate wa Mgonero umenewo ndinali nditaphika Lachisanu, ndi thovu limene ndinayengula kwa iwo Lachinayi. Lamulungu m'mawa ndinaudula timagawo ting'onoting'ono monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinali mmodzi wa onyamula mbale. Odulidwa ambiri amatuluka nthawi ya Mgonero ikafika, koma mayi Esitere anakhalabe pa benchi lakumbuyo. Tchalitchi chonse chinadya mkate umene unatupa ndi thovu la mumphika mwawo, abusa, a Chisale, ine ndemwe. Nditafika kumbuyo ndinapereka mbale kwa mayi wa kumanzere kwawo, ndinawadumpha, n'kupereka kwa wa kumanja. Anayang'ana mkatewo ndipo anauzindikira. Timagawo tiwiri tinagwa pansi.

Sukulu inatsekadi Lachisanu. Ndinati ndipita kwa abusa sabata yamawa, kenako ndinati idutse kaye nkhani ya mayeso. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pakati pa Ogasiti lole inabwera kudzanyamula matenanti, ndipo ndinamva kulira kwake ndili m'khitchini, osatuluka. Pamene sukulu inkatsegulira, yisiti anali atadzaza m'magolosale a pa Nsaru ngati sanasowepo.

Nditapuma ntchito

Ndinakhala nayo nkhaniyi zaka khumi ndi chimodzi, ndikuvala jekete, ndikunyamula mbale. Ngakhale amayi anu sindinawauze. Ndinaiulula pa bwalo langa lomaliza, nditapuma kale ntchito, nyumba yathu ya ku Nambuma itatha kufoleredwa, pamene panalibenso choti andilande. Musandiyese wolimba mtima. Nditamaliza kulankhula, a Chisale, amene anali atatha mano, anayamba kuseka. "Kodi buledi wokoma uja anali wa masese eti? N'chifukwa chake tinkaimba mwamphamvu chaka chimenecho!" Bwalo lonse linaseka. Kusekako kunandipweteka kuposa chilango, chifukwa ndinayamba kudzifunsa ngati chimene ndinkaopa chija chinali chachikulu monga ndinkachionera. Abusa, amene anali atsopano ndi achinyamata, sanaseke. Anatsegula buku lakale, anapeza dzina la mayi Esitere, anandidula ine miyezi itatu, ndipo analemba kalata yowabwezera mayiyo mu mpingo n'kudindapo chidindo. Anati ndikapereke ndekha.

Kapitawo wakale wa esiteti ija anandiuza kuti lole inawasiya kumbali ya Namitete. Ndinapitako katatu pa minibasi, ndi miyendo yangayi, ndikufunsa esiteti ndi esiteti. Matenanti salembedwa pamtima pa munthu, aliyense ankangoti anthu a ku Phalombe ndi ambiri. Ulendo wachitatu mayi wina wogulitsa tomato anandilozera ku chigayo, nati kuli mkulu wina wosesa kumeneko dzina lake Dinesi. Ndinamupeza atakhala pa thumba la gaga, mutu uli mbuu ndi ufa. Anandizindikira msanga.

"A Mwale a ku Nsaru! Mwakalambatu, bambo."

Titapatsana moni ndinafunsa za mayi. Anayang'ana kumbali. "Anatisiya chaka chadzana, nthawi ya mvula. Anadwala masiku anayi okha."

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo. Iye anapitiriza yekha, mosakwiya, ngati akunena za nyengo. "Mowa sanafululenso chichokereni ku Nsaru. Paliponse tikafika, Lamulungu loyamba iwo ku tchalitchi. Akafunsidwa kalata, palibe. Nde ankawauza kuti yambani kalasi. Akayamba, fodya watha, lole yabwera, tasamuka. Anayamba kalasi kanayi, bambo, osamaliza."

"Nanga pa maliro?"

"Tinanyamula tokha matenanti. Amayi ena anayamba kanyimbo panjira, koma wina anawaletsa, akuti mpingo sunalole. Tinangoyenda chete mpaka kumanda."

Ndinafunsa ngati mayiwo anamuuzapo chimene chinachitika pa bwalo lija. Anati inde, anamuuza tsiku lomwelo. "Ine ndinafuna kubwera kusukulu kudzakuchititsani manyazi, iwo anandiletsa. Ankati asiyeni a Mwale, ali ndi ana asanu, akungodikira yisiti abwere m'sitolo, akabwera atitumizira kalata. Chaka chilichonse tikasamuka ankauza kapitawo kumene tikupita, kuti inu mukadzafunsa musadzavutike."

Ndinatulutsa envulopu m'thumba la jekete n'kumupatsa ndi manja awiri. Anapukuta zala pa buluku, anaitsegula bwinobwino kuopa kung'amba, nayang'ana chidindo cha abusa. Kuwerenga sankadziwa, ndiye ndinamuwerengera yonse, kuti mayi Esitere ndi mkhristu wa Mgonero, wopanda mlandu, ndipo mpingo uliwonse uwalandire. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaipinda monga inalili, n'kundiyang'ana.

"Zikomo, bambo. Nde ndikaipereke kwa ndani?"